Mbuzi za m'Chombo

Pa windo la chipinda chochezera cha madala aja panali chigoba cha nkhono ya m'nyanja, chachikulu ngati mutu wa khanda. Kunja chinali chotuwa ndi chokhakhala, koma m'kati chinali chofiirira, chosalala ngati m'kamwa. Amayi ankachipukuta fumbi Loweruka lililonse, ndipo ine anandiletsa kuchigwira. Sikuti ankachiganizira choipa chilichonse. M'nyumba imeneyo anandiletsa kugwira china chilichonse kupatula buku langa ndi mpando umene ndinkakhalapo.

Ndinali ndi zaka khumi. Tinkakhala ku College Park, pafupi ndi mzinda wa Washington, m'apatimenti ya zipinda ziwiri, ine, amayi ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankaphunzira za miyala pa yunivesite. M'kati mwa sabata amayi ankagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, koma Loweruka ankakasamalira madala amodzi achizungu ku Springfield. Tsiku lomwelo amalume ankayendetsa basi ya ophunzira a pa yunivesitepo, choncho panalibe wondisiyira. Tinkalawirira kukwera Metro, kusintha sitima pakati pa mzinda, kukatsika kumapeto kwenikweni kwa njanji, n'kukweranso basi. Inali nyengo imene masamba amafiira n'kuyoyoka. Ndimakumbukira fungo la masamba onyowa pa msewu wopita kunyumbako, ndi fungo limene linkatilandira tikatsegula chitseko, la mankhwala opaka ndi supu wa m'chitini.

Madalawo anali aatali, ndipo ngakhale ali pa njinga yawo ya odwala mawondo ankaoneka ngati asowa powaika. Pamutu pawo, m'makutu ndi m'mapewa munali zigamba zoyera pomwe madokotala anadula khungu lodwala khansa. Pakhosi panali chipsera chachitali, ndipo mawu awo anali osasa, otuluka movutikira. Amayi ankawaitana kuti Bambo, ndipo iwo anazolowera dzinalo mpaka ankayankha. Akazi awo anali atamwalira kale. Anali ndi mwana mmodzi, mayi wamkulu ndithu wa imvi zake, amene amayi ankamutcha adona. Adonawo sitinkakumana nawo kawirikawiri. Tinkangopeza timapepala tawo pa firiji tonena za mankhwala ndi zakudya.

Masabata oyamba madala aja sanandilankhule. Ankangondiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mphaka wa anansi amene walowa pakhomo koma sakuononga kanthu.

Zinasintha Loweruka lina pamene pa wailesi ya kanema ankangokamba za dziko la North Korea, limene linali litangophulitsa bomba la nyukiliya pansi pa nthaka poliyesa. Ankaonetsa mapu, kenako zithunzi zakale za mtambo wooneka ngati bowa. Amayi anali akuwameta madalawo m'khosi ndi kamakina kolira ngati njuchi. Anafuna kuzimitsa kanemayo, koma madala anakweza dzanja. Anayang'ana kwa nthawi, kenako anafunsa amayi m'Chingerezi chawo chosasa ngati kwathu ku Malawi timaweta mbuzi.

Amayi anaseka. Kanali koyamba kuwamva akuseka m'nyumba imeneyo. Anayankha kuti kwathu ku Ntcheu munthu wopanda mbuzi ndi mlendo.

"Inenso ndinawetapo mbuzi," anatero madala. "M'chombo."

Nkhaniyo sinatuluke tsiku limodzi. Inkabwera pang'onopang'ono, Loweruka ili chidutswa, Loweruka linalo chidutswa, nthawi zambiri amayi akuwadula zikhadabo kapena kuwapaka mafuta kumsana. Anati nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, iwo ali mnyamata wosakwana zaka makumi awiri, anali msilikali wa pamadzi. Anawatumiza ku kachilumba kena kutali m'nyanja ya Pacific, kumene akuluakulu ankafuna kuona zomwe bomba latsopanolo lingachite ku zombo za nkhondo. Anaimika zombo zakale zambiri pamadzi, zopanda anthu, ndipo m'malo mwa anthu anaikamo nkhumba, makoswe ndi mbuzi. Popeza iwo anakulira pa famu, anawapatsa ntchito yosamalira mbuzizo. Chigoba chija anachitola pa mchenga masiku amenewo, kusanaphulike kanthu.

Ankazidyetsa, kuzimwetsa, kuzikolopera. Tsiku litayandikira anawalamula kuzimeta ubweya malo ena kuti khungu likhale poyera ngati la munthu, n'kuzipaka mafuta osiyanasiyana kuti aone amene angateteze kupsa. Panali imodzi yong'ambika khutu imene inkawatsatira paliponse n'kumawatafuna malaya. Imeneyonso anaimeta. Anaimangirira pamwamba pa chombo, anaisiyira udzu ndi madzi m'ndowa, n'kukwera bwato kubwerera.

Za kuphulikako ankanena mwachidule. Anawauza kutembenuka, kukhala pansi ndi kubisa nkhope m'mikono. Kuwala kunadutsa m'mikonomo. Kenako kutentha kumsana ngati wina watsegula uvuni, kenako phokoso lochedwa kufika. Chimene ankachedwerapo kufotokoza chinali cha pambuyo pake, atabwerera kukatenga ziwetozo. Zina zinali zitafa, zina zitapsa. Koma ya khutu long'ambika ija anaipeza itaima, ikubzikula, ilibe bala. Anaikumbatira pamaso pa anzawo. Patapita masiku inasiya kudya, inayamba kutuluka magazi m'nkhama, ubweya unkatsalira m'manja akaisisita, ndipo inafa.

"Zakupsazo sizinandiopse," anatero. "Inandiopsa ndi imene inkaoneka yabwinobwino."

Bomba lachiwiri analiphulitsira pansi pa madzi. Nyanja inakwera kumwamba ngati chipilala n'kugwera pa zombo zija. Kenako anyamata anawatuma kukazikwecha ndi maburashi ndi sopo, ambiri atavula malaya chifukwa cha dzuwa. Kunkabwera anthu ena ndi timabokosi tolira kuti tche tche tche, ankayeza, n'kuchoka msanga. Okwechawo ankatsala. Pobwerera kwawo anawalumbiritsa kuti asadzauze munthu, ngakhale mkazi wawo.

Kunyumba ndinafotokozera amalume zonsezi, ndipo iwo anatenga mapu a dziko lonse n'kuwayala pa tebulo lodyera. Ndi chala chawo anandionetsa chipululu cha Nevada, zilumba za Pacific, zigwa za Kazakhstan, chipululu cha ku Australia, ndi Sahara ku Algeria, mu Africa mwathu momwe. Anati konseko kunali anthu, oweta ngamila, asodzi, alenje, koma pa mapepala a akuluakulu kunkalembedwa kuti n'kopanda anthu. Anandionetsanso Congo, pafupi ndi malire a Zambia, n'kunena kuti mwala wa yureniyamu wa mabomba oyambirira unakumbidwa kumeneko ndi anthu akhungu ngati lathu. Kenako anaika chala pa Washington, pomwe tinali, n'kundifunsa ngati ndikuganiza kuti pamenepo anayeserapo. Anadziyankha okha kuti munthu sayesera moto pa denga la nyumba yake.

"Achimwene, mwanayu adya bwanji mukamuuza zimenezo?" anatero amayi ali kukhitchini.

Ankanena zoona. Kwa masiku angapo ndinakana madzi a pa mpopi. Ndege ikamadutsa ndinkaima n'kuiyang'ana mpaka itazimiririka. Ku Springfield ndinasuntha mpando wanga kuuchotsa pafupi ndi windo. Koma sindinganame kuti anali mantha okhaokha. Ndinkasangalalanso kuti ndikudziwa chinthu chachikulu chimene anzanga sankachidziwa, ndipo chisangalalo chimenecho ndicho chinabweretsa zotsatirazi.

Aphunzitsi athu anatipatsa ntchito yoti aliyense akafunse munthu wachikulire amene anaona mbiri ndi maso ake, n'kulemba. Anzanga anali ndi agogo awo pafupi. Agogo anga anali ku Ntcheu, ndipo Chichewa changa masiku amenewo chinali cha kumva kokha. Akandilankhula pa foni ndinkayankha kuti "eya" ndi "zikomo" n'kubweza foni kwa amayi. Ndinapempha kuti ndifunse madala aja. Amayi anazengereza, koma madalawo atamva anavomera msanga, mpaka anauza amayi kuti awaveke malaya a kolala.

Tsiku lofunsalo amayi anatsikira kuchipinda chapansi kukachapa zofunda. Ndinakhala pafupi ndi madala, kope pa mwendo. Anabwereza za mbuzi, za kuwala, za maburashi. Nditawafunsa funso lomaliza limene aphunzitsi anatilembera, loti zimenezi zinasintha chiyani pa moyo wawo, makina ochapira ankamveka pansi pa mapazi athu. Kenako madala anati atakwatira, mwana wawo woyamba anali wamwamuna, koma anabadwa mtima wake usanapangike bwino, ndipo anakhala masiku ochepa chabe. Madokotala anati zimangochitika. Madalawo sanakhulupirire, komanso sakanatha kuuza akazi awo chifukwa chake sankakhulupirira. Anayang'ana kope langa n'kudikira mpaka nditamaliza kulemba.

Ndinalemba nkhaniyo masamba awiri, ndipo za khandalo ndinaziika kumapeto, chiganizo chimodzi, monga mmene ndikanalembera dzina la chombo. Pachikuto ndinajambula mtambo uja ndi makrayoni anga onse. Amayi ndinawaonetsa, koma anali atatopa. Anayamikira chithunzicho, anasaina, osawerenga. Aphunzitsi anamata nyenyezi yagolide ndipo anandiimika kutsogolo kuti ndiwerengere kalasi. Anyamata anakonda chithunzicho, ndipo pa nthawi yopuma ankathamanga akulira ngati mbuzi n'kumadzigwetsa pansi.

Loweruka lotsatira tinapeza adona ali m'khitchini akulongedza zogula. Ndinathamanga ndekha kukawapatsa pepalalo. Anamwetulira, anavala magalasi, anayamba kuwerenga ataimirira, dzanja lina litagwira botolo la mkaka. Ndinkayang'ana nkhope yawo kudikira kuyamikiridwa. Atafika kumapeto anaika botololo pansi mosamala kwambiri. Anawerenganso. Kenako anapita kuchipinda chochezera n'kufunsa bambo awo, motsitsa mawu, ngati iwo adonawo anali ndi mlongo. Madala ankangoyang'ana panja pomwe munthu wina ankasesa masamba.

Adona anabwerera n'kufunsa amayi ngati ankadziwa. Amayi anali asanamvetse n'komwe chimene chachitika. Atapatsidwa pepalalo anawerenga mzere womalizawo. Anapepesa katatu. Adona sanakalipe. Anangoti mwanayu asadzabwerenso, ndipo za ntchito ya amayi aganizira kaye.

Mu sitima pobwerera amayi sanandimenye, sananditsine, sanandiyang'ane. Titadutsa mtsinje anati, "Za m'nyumba ya eni umazisiya momwemo potuluka." Ndinayankha m'Chingerezi, misozi ili m'maso, kuti madala anandiuza okha, ndipo anandiona ndikulemba. Amayi anati akudziwa.

Ndaganizira za tsiku limenelo zaka zambiri. Lero ndikukhulupirira kuti madala aja ankadziwa chimene ankachita. Anasunga nkhaniyo moyo wawo wonse, analephera kuiuza mkazi wawo, analephera kuiuza mwana wawo, ndipo ataona kuti nthawi yatha anaipereka kwa mwana wa zaka khumi wokhala ndi pensulo, podziwa kuti mwana sasunga kanthu. Sanaganizire kuti amene angapse ndi mayi wosamalira odwala amene mapepala ake okhalira m'dzikomo anali asanalongosoke, amene sakanatha kudandaula kulikonse akanachotsedwa. Nthawi zina ndimawamvera chisoni. Nthawi zina ndimaona kuti anatichita zomwe anachitidwa iwo, kutuma wamng'ono kukagwira chimene wamkulu akuopa.

Ntchito sinathe. Adona anaimba foni pakati pa sabata kuti amayi apitirize, koma okha. Ine ndinayamba kukhala m'basi ya amalume Loweruka lonse, pa mpando wakumbuyo kwa dalaivala, kuzungulira njira imodzimodzi kuchokera pa siteshoni kupita ku yunivesite n'kubwerera. Mitengo inatha masamba ndikuiona pa windo la basiyo. Amayi ankabwera madzulo osanena zambiri. Anangotchula kamodzi kuti masiku amenewo adona ankabwera Loweruka lililonse, n'kudzitsekera ndi bambo awo m'chipinda, ndipo nthawi zina kunkamveka kulira, nthawi zina kunkangokhala zii.

Kuzizira kutayamba, madala anawagoneka m'chipatala china ku Bethesda. Matenda anali atafika m'mapapo. Adona anaimbira amayi n'kunena kuti bambo awo akufunsa za mtsikana uja, ndipo ngati amayi angalole, abwere naye.

Tinapita Loweruka masana. Amayi anandiveka diresi la ku tchalitchi ndipo m'njira monse ankandikumbutsa kuti ndikangopereka moni n'kukhala chete. M'chipindamo munkanunkha mankhwala okolopera. Madala anali atachepa, machubu ali m'mphuno, ndipo manja awo pa bulangeti ankaoneka aakulu kuposa thupi lonse. Adona anali pa mpando pambali pawo. Anandigwedezera mutu, ndipo anandisunthira mpando wina. Amayi anaima pa windo atagwira chikwama chawo ndi manja awiri.

"Unalemba za mbuzi," anatero madala. "Za anthu sindinakuuze."

Ankalankhula mawu atatu, n'kupuma, mawu atatu, n'kupuma. Anati pa chilumbacho panali mudzi. Panali nyumba zofolera ndi masamba, tchalitchi, mabwato, manda. Ziweto zisanabwere, chombo chimene iwo analimo ndicho chinatumidwa kukasamutsa anthuwo. Mkulu wina wa asilikali anali atawauza kudzera mwa womasulira kuti apereke malo awo kwa kanthawi kochepa, pofuna ubwino wa anthu onse a pa dziko. Anthuwo anakonza manda a abale awo n'kuikapo maluwa. Ananyamula mikeka, matabwa, miphika. Panali mayi wina wokalamba amene anachedwetsa anthu chifukwa ankasesa pakhomo pake. Atamaliza anatsamiritsa tsache pa khoma, anatseka chitseko bwinobwino, n'kuyamba kutsika kupita ku gombe. Madalawo, ali mnyamata, anamunyamulira mtolo wake. Sankamvana chilankhulo, koma ataona kuti mayiyo akungocheuka, anamulozera nyumbayo, anazunguza chala, kumuonetsa kuti abwerera posachedwa. Mayiyo anawagwira pa tsaya. Chombo chitanyamuka anthuwo anayamba kuimba, ndipo anaimba mpaka chilumba chitabisika.

"Sindinkanama," anatero. "Inenso ndinkakhulupirira."

Kamakina kena kankalira pambali pa bedi. Ndiye amayi, amene miyezi yonseyo sanafunsepo funso limodzi pa nkhani zimenezi, analankhula ali chiimire pa windo paja.

"Bambo, anabwerera?"

Madala anapukusa mutu pa pilo. Anati anamva kuti patapita zaka zambiri ena anabwerera, anadya nsomba ndi kokonati za kwawo, koma poizoni anapezeka m'matupi mwawo ndipo anawasamutsanso. Za mayi wa tsache uja sankadziwa, koma anali wokalamba kale tsiku limenelo. Anatembenukira kwa ine n'kunena kuti zimenezonso ndilembe. Ndinayankha kuti ntchito ija aphunzitsi anachonga kale. Adona anaseka pang'ono, akupukuta m'maso. Madala anamwalira Khirisimasi isanafike, ndipo sindinawaonenso.

Mawa lake la ulendo wa kuchipatalawo linali Lamulungu. Titaweruka ku tchalitchi amayi anakanda khadi loimbira foni ndi chikhadabo, monga ankachitira kawiri pa mwezi, n'kuimba ku golosale ya ku mudzi kwathu kumene agogo ankakadikira. Panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi amayi asanaone mayi awo. Akanatuluka m'dzikomo mapepala asanatheke, sakanaloledwa kulowanso. Ndinkadziwa mmene mafoni amenewo ankayendera: moni wautali, za mvula, za feteleza, za odwala ndi omwalira, kenako agogo ankafunsa funso lawo, ndipo amayi ankayankha mokweza ndi mosangalala kuti chaka cha mawa, mayi, chaka cha mawa ndithu tikubwera.

Tsiku limenelo ndinali pansi pa kapeti ndikupanga homuweki. Ndinamva moni, ndinamva za mvula. Kenako inafika nthawi ya funso la agogo lija.

"Mayi," anatero, "sindikudziwa kuti ndidzabwera liti. Musamandidikire pa msewu."

Sindikudziwa chimene agogo anayankha. Amayi anamvetsera, akungoti eya, eya, kenako khadi linatha. Anakhala pa mpando wa m'khitchini atavala chikhoto chawo cha ku tchalitchi, nsapato zili kuphazi, ndipo analira mosatulutsa mawu. Amalume anatuluka m'chipinda mwawo, anawayang'ana, n'kubwereramo.

Agogo anamwalira patapita zaka zitatu, amayi asanapite. Koma masana amenewo ine sindinkadziwa kuti munthu angauze mayi ake bodza lomwelo chaka ndi chaka chifukwa chowakonda, kapena kuti kulisiya kungapweteke kuposa kulinena. Ndinadzuka pa kapeti, ndinakawagwira paphewa, n'kuwauza m'Chingerezi kuti asalire, madokotala a ku Bethesda ndi odziwa ntchito, mwina madala aja achira.